Loya akaphonya tsiku la apilo, wogona kundende si iye

Abale ndi alongo a pa gulu lino, tonse timadziwa kuwerenga masiku a mu pasipoti. Akakudindira masiku 30 pa Beitbridge, ngakhale katundu asanakwane umanyamuka, chifukwa ukudziwa chimene chimachitika ukapyola. Koma pali masiku ena amene ambiri a ife sitiwawerenga mpaka atatipweteka. Amenewa ndi masiku 14 opemphera apilo munthu akaweruzidwa kukhoti kuno ku South Africa. Lero tiyeni tikambirane za masiku amenewa, ndiponso za maloya amene amalandira ndalama zathu n'kuwasiya masikuwo adutse.

Nkhaniyi yatigwera ife eni kuno ku Cape Town. Mnzathu wina woyendetsa thiraki, amene wakhala akutinyamulira katundu kwa zaka zambiri, anamangidwa atapezeka ndi katundu wina m'thilela amene apolisi anati ngwakuba. Iye anati anangopatsidwa kuti anyamule, monga tonse timaperekera katundu kwa madalaivala tsiku ndi tsiku. Khoti silinamukhulupirire ndipo linamulamula kukakhala kundende. Tsiku lomwelo, tili panja pa khoti, loya wake anatiuza kuti tisadandaule, achita apilo. Tinasonkha ndalama, a geni ndi madalaivala, wina pang'ono wina zambiri, n'kupereka. Mwezi woyamba tikaimba foni ankati akudikira mapepala. Mwezi wachitatu ankati jaji ali patchuthi. Mwezi wachisanu foni inasiya kuyankhidwa. Patatha miyezi 7 mmodzi wa ife anapita yekha kwa kalaliki wa khoti ndi nambala ya mlandu. Mufayilo munalibe pepala lililonse lopempha apilo. Miyezi yonseyo mnzathu anali ku Pollsmoor akuwerenga masiku, akuganiza kuti nkhani yake ili m'njira.

Maganizo athu ndi awa, ndipo sitiwabisa. Loya amene walandira ndalama za apilo n'kuphonya tsiku ayenera kuyankhapo, ndipo ndife amene tiyenera kumufikitsa kumene akayankhe. Komanso ife tisiye kupereka mlandu kwa loya n'kupita kukagona. Wamva m'mimba ndiye amatsekula chitseko.

Tiyambe ndi zimene lamulo limanena, chifukwa ambiri timapusitsidwa posadziwa. Malamulo aakulu a dziko lino, pa ndime 35, amapatsa aliyense woimbidwa mlandu ufulu wokadandaula ku khoti lapamwamba. Mawu ake akunena za woimbidwa mlandu aliyense, sakunena za nzika zokha. Mmalawi, Mzambia, wa ku Tete, wa mapepala kapena wopanda, ufuluwo ngwake. Ndime yomweyo imapatsanso ufulu woti mlandu umasuliridwe m'chilankhulo chimene ukumva.

Koma ufuluwo uli ndi wotchi. Lamulo la Criminal Procedure Act la 1977, pa ndime 309B, limati ukaweruzidwa ku khoti la majisitireti, kaya la boma laling'ono kaya la regional, uyenera kupempha chilolezo chochita apilo pasanathe masiku 14 kuchokera tsiku lomwe wapatsidwa chilango. Chilolezocho umapempha ku khoti lomwe lakuweruzalo. Majisitireti akakana, nkhani sinathe. Ndime 309C imakupatsa masiku 21 oti utumize pempho kwa mkulu wa majaji ku High Court, yomwe kuno ku Cape Town ili pa Keerom Street. Ngati mlandu unayambira ku High Court komweko, masiku opempha chilolezo ndi 14 omwewo, ndipo akakukaniza ukhoza kupempha ku Supreme Court of Appeal ku Bloemfontein. Amene walamulidwa ndi khoti la regional kukhala kundende moyo wake wonse safunika kupempha chilolezo, koma nayenso apilo yake siyenda yokha, pamafunika wina woiyendetsa.

Powerenga masikuwo musachotse Loweruka ndi Lamulungu. Werengani tsiku lililonse, kuti mukalakwitsa mulakwitse mofulumira osati mochedwa. Ndipo taganizani kuchepa kwake. Thiraki ikanyamuka ku Cape Town, idutse N1 yonse mpaka Johannesburg, iime pamzere pa Beitbridge, idutse Nyamapanda ndi Tete, ikatsitse katundu ku Blantyre kapena ku Lilongwe n'kubwerera, masiku 14 apita kale. Amene anati ndikaona nkhani ya mnzathu ndikabwerako, amapeza chitseko chatsekedwa.

Chinanso chimene ambiri sadziwa n'chakuti kupempha apilo sikuimitsa chilango. Munthu amakhalabe m'ndende pokhapokha atapempha belo yodikirira apilo n'kupatsidwa. Ndiye kuti mwezi uliwonse umene loya wagonera pafayilo ndi mwezi weniweni wa moyo wa munthu. Lendi ikuwerengedwa, ana kumudzi akuthamangitsidwa fizi, bwana wa thiraki wapeza kale dalaivala wina.

Nanga masiku akadutsa, zonse zatha? Ayi. Pali pempho lotchedwa condonation, kutanthauza kupempha khoti kuti likhululukire kuchedwa kwako. Koma si chinthu chongolandira ngati lisiti. Kuyambira pa mlandu wa Melane mu 1962, makhoti a kuno amayang'ana zinthu zingapo pamodzi: wachedwa nthawi yaitali bwanji, chifukwa chake n'chiyani, apiloyo ili ndi mwayi wopambana kapena ayi, ndiponso nkhaniyo ndi yaikulu motani. Khoti lalikulu la Constitutional Court linanenanso pa mlandu wa Van Wyk ndi chipatala cha Unitas kuti kufotokoza kwako kuyenera kukhudza nthawi yonse imene wachedwa. Ukachedwa miyezi 7, ufotokoze miyezi 7 yonseyo, osati woyamba ndi womaliza okha.

Apa ndi pamene pali chopweteka chenicheni. Munthu wamba angaganize kuti kunena kuti loya wanga ndiye analakwa n'kokwanira. Nthawi zambiri makhoti safuna kulanga munthu chifukwa cha ulesi wa loya wake, makamaka munthuyo ali m'ndende. Koma mu 1965, pa mlandu wa Saloojee, khoti la apilo linaika malire. Linati loya ndi nthumwi imene unasankha wekha, ndipo pali pamene sungathawenso zotsatira za kunyalanyaza kwake. Linati amene akuona kuti nthawi ikupita koma wangokhala osafunsa ngakhale kukumbutsa loya wake, asayembekezere kuonedwa ngati wosalakwa. Mlanduwo sunali waupandu, koma mfundo yake ikutchulidwabe m'makhoti mpaka lero.

Ife tikuona kuti mfundo imeneyi imalemera kwambiri pa munthu ngati mnzathuyu. Wa kampani amene ali mu ofesi yake ndi foni ndi mlembi akhoza kukumbutsa loya tsiku lililonse. Nanga mlendo amene ali m'chipinda cha ndende, wopanda foni, Chingerezi chake n'cha pamsewu, abale ake ali ku Mangochi kapena ku Chipata, akumbutsa bwanji? Cholakwa n'cha wina wovala suti, koma chilango chikugwera wovala yunifomu ya akaidi. Loya uja usiku amagona kwake. Chilungamo chikanakhala chakuti khoti likaona kuti loya ndiye anagonera fayilo, mkaidi apatsidwe mwayi wake, ndipo dzina la loyayo litumizidwe kwa oyang'anira maloya tsiku lomwelo. Majaji ena amachitadi zimenezi. Ife tikufuna chikhale chizolowezi, osati mwayi.

Kuchedwa kulinso ndi msampha wachiwiri, womwe ndi rekodi ya mlandu. Majaji a apilo saitananso mboni, amawerenga zomwe zinanenedwa kukhoti loyamba. Zimenezi zimajambulidwa pa makina kenako n'kulembedwa papepala. Nthawi ikamapita, zojambulidwa zimasowa, majisitireti amasamutsidwa kapena kupuma pantchito, wapolisi wofufuza amachoka. Madalaivala, kumbukirani dzina la Thembekile Molaudzi, amene anali dalaivala wa taxi. Anaweruzidwa mu 2004 kuti akhale kundende moyo wake wonse pa mlandu wakupha wapolisi, mlandu umene iye ankaukana. Anatha zaka akulimbana kuti angopeza rekodi ya mlandu wake. Anathandizidwa ndi woyang'anira ndende wina amene anamukhulupirira, pamodzi ndi a Wits Justice Project. Constitutional Court inamumasula mu 2015, atakhala m'ndende zaka pafupifupi 11. Ameneyo ndi nzika ya dziko lino, wolankhula zilankhulo za kuno. Ngati iye zinamutengera zaka zonsezo chifukwa cha mapepala, ife alendo tisamaseweretse ngakhale sabata imodzi.

Tsono tinene chilungamo, chifukwa ena pa gulu lino adzati tikunyoza maloya onse. Ayi. Alipo maloya ambiri kuno amene amagwira ntchito yawo bwino, ndipo amene anatola nkhani ya mnzathu pamene inagwa ndi loyanso. Nthawi zina olakwa ndife. Ntchito imene unagwirizana ndi loya pa mlandu woyamba imathera pa chigamulo. Apilo ndi ntchito ina, yofuna kumuuza momveka kuti achite, ndiponso ndalama zake. Ena a ife timangomva mawu oti apilo panja pa khoti n'kuganiza kuti yayamba kale, chikhalirecho sitinalipire kapena kusainira kanthu. Ena timalonjeza ndalama pa 30, kenako tili ku Mwanza, nambala ya foni tasintha. Enanso timapereka ndalama kwa munthu wapakati amene amati amadziwana ndi loya, ndalamazo n'kuthera m'thumba mwake. Zikatero tisaloze chala loya.

Koma ngakhale zili choncho, loya ndiye amadziwa wotchi, ife sitiidziwa. N'chifukwa chake timamulipira. Ngati ndalama sizinakwane, ayenera kutiuza poyera kuti sachita apiloyo, ndipo atiuze masiku akadalipo kuti tithamangire kwina. Chimene sitingavomere ndi kulandira ndalama, kukhala chete masiku 14 n'kudutsa, kenako n'kumatiuza nthano za jaji amene ali patchuthi. Dalaivala akalandira katundu wako ndi ndalama ya mayendedwe, n'kumuiwala m'nyumba yosungira katundu miyezi 7 uku akukuuza kuti ali pa Zobue, gulu lonse lino lingamudziwe dzina pofika madzulo. Bwanji tsono kwa loya timakhala chete?

Timakhala chete chifukwa cha mantha. Timaganiza kuti tikakadandaula atifunsa mapepala athu, kapena kuti loya ndi munthu wamkulu sitingalimbane naye. Maloya achinyengo amadziwa mantha amenewa, ndipo ndi amene amadyerapo. Amadziwa kuti mlendo amalira n'kubwerera kwawo. Mbewa ya manyazi inafera kuuna, abale.

Njira zodandaulira zilipo ndipo n'zosavuta monga timaganizira. Kuyambira mu November 2018, maloya onse a dziko lino ali pansi pa bungwe la Legal Practice Council, lomwe linakhazikitsidwa ndi lamulo la Legal Practice Act la 2014 m'malo mwa mabungwe akale a maloya. Lili ndi ofesi kuno ku Cape Town yoona za Western Cape. Dandaulo limalembedwa pa fomu yawo, sulipira kanthu, ndipo umaphatikizapo umboni wako. Amafufuza, ndipo akapeza kuti pali mlandu amaitana loyayo ku komiti yosungitsa mwambo. Akhoza kumuchenjeza, kumulipitsa chindapusa, kumulamula kubweza ndalama, kapena kupita naye ku High Court kuti aimitsidwe ngakhale kuchotsedwa m'kaundula wa maloya. Ngati bungwelo silikuyendetsa bwino dandaulo lako, pamwamba pake pali ofesi ya Legal Services Ombud. Woyamba kukhala pa mpandowo, Siraj Desai, anali jaji wa High Court ya kuno ku Cape Town komwe.

Pa nkhani ya ndalama pali zinthu ziwiri zosiyana zimene tiyenera kuzisiyanitsa. Ngati loya waba ndalama zimene unamusungitsa, pali thumba la Legal Practitioners Fidelity Fund lomwe limabwezera anthu oberedwa motero. Koma nalonso lili ndi wotchi yake: uyenera kuwadziwitsa polemba pasanathe miyezi 3 kuchokera pamene wadziwa za kubako. Ngati sanabe koma ananyalanyaza ntchito, imeneyo ndi nkhani yomusumira kuti alipire zomwe wawononga, ndipo maloya amakhala ndi inshuwalansi ya zolakwa zotere. Milandu yofuna chipukuta misozi nthawi zambiri imatha mphamvu pakadutsa zaka 3. Kulikonse kumene mungatembenukire, masiku akuwerengedwa.

Dziwaninso kuti kudandaula za loya sikutulutsa munthu m'ndende. Ndi misewu iwiri, ndipo woyamba kuyendamo ndi wa apilo. Pezani loya wina msanga apereke pempho la condonation, dandaulo lanu lizitsatira pambuyo.

Chimene chinapulumutsa mnzathu n'chaching'ono kwambiri. Tsiku lopereka ndalama ena a ife tinkafuna kungopereka pamanja kuti zithe. Mayi wina wa geni ya zovala, amene sagula ngakhale katoni imodzi popanda lisiti, anakana. Anati ndalama za anthu zipite kubanki, ndipo iye ndiye anasunga kapepala kake pamodzi ndi mauthenga onse a pa WhatsApp. Loya wachiwiri atayamba kulemba pempho, mapepala amenewo ndi amene anasonyeza khoti kuti tinalipira masiku asanathe, ndiponso kuti mwezi uliwonse tinkafunsa. Khoti linakhululukira kuchedwako ndipo chilolezo cha apilo chinaperekedwa. Apiloyo sinamvedwe mpaka pano, ndipo sitikudziwa kuti idzatha bwanji. Koma miyezi 7 ija palibe amene adzamubwezere.

Ndiye amene mbale wake kapena mnzake ali ndi mlandu, nazi zimene taphunzira ndi misozi.

Musanapereke ndalama, fufuzani ngati munthuyo alidi loya. Legal Practice Council ili ndi kaundula wa maloya ovomerezeka, mukhoza kuona pa intaneti kapena kufunsa ku ofesi yawo. Funsaninso satifiketi yake ya Fidelity Fund ya chaka chomwecho, chifukwa imatha pa 31 December chaka chilichonse, ndipo loya wopanda satifiketiyo saloledwa kusunga ndalama za anthu. Munthu wongoima pakhonde la khoti ndi chikwama cha mapepala si loya ayi.

Lipirani kubanki, mu akaunti ya trust ya ofesi yake, osati pamanja kapena mu akaunti ya dzina la munthu. Pa kapepala ka kubanki lembani dzina la womangidwa. Mutumizireni loyayo uthenga wolembedwa wonena kuti ndalamazi n'za apilo ya mlandu nambala yakuti, ndipo ayankhe polemba.

Tsiku lachigamulo lembani zinthu zitatu: nambala ya mlandu, dzina la khoti, ndi deti lomwe masiku 14 akutha. Chilolezo cha apilo chikhoza kupemphedwa pakamwa nthawi yomweyo chilango chikangoperekedwa, ndiye funsani loya ngati kuli kwanzeru kutero. Akasankha kulemba, mupempheni kope la pempholo lokhala ndi chidindo cha khoti ndi deti. Pa boda sitikhulupirira wotichitira za kasitomu akangoti zatheka, timafuna kuona pepala lodindidwa. N'chimodzimodzi kuno. Pofika tsiku la 10 ngati chidindo simunachione, pitani nokha kwa kalaliki wa khoti mukafunse.

Ngati ndalama palibe, musadikire kuti mpaka zisonkhedwe. Legal Aid South Africa imathandiza pa milandu yaupandu ngakhale munthu asakhale nzika, malinga akaona kuti sangathe kudzilipirira, ndipo nambala yawo yaulere ndi 0800 110 110. Womangidwayo angathenso kuuza akuluakulu a ndende kuti akufuna kuchita apilo ndi kuonana ndi a Legal Aid. Pempho lofika pa nthawi yake kudzera kwa loya waulere liposa la loya wodula lofika mochedwa.

Sankhani munthu mmodzi wokhazikika kuno ku Cape Town kuti ndiye azitsata nkhaniyo. Tonse tikamati tikutsata, palibe amene akutsata, chifukwa ntchito yathu ndi yapamsewu. Munthuyo asunge mapepala onse, azilemba tsiku lililonse limene waimba foni ndi zimene wayankhidwa, ndipo chilolezo chikaperekedwa azifunsa za rekodi ndi tsiku lomvera apilo. Loya amayeneranso kupereka mfundo zake zolembedwa ku High Court pa nthawi yake, apo ayi apilo ikhoza kuchotsedwa pa mndandanda.

Funsani loya akuuzeni zoona za mwayi wa apiloyo. Si mlandu uliwonse umene uli ndi apilo yabwino, ndipo khoti la apilo lili ndi mphamvu ngakhale yowonjezera chilango. Loya wolonjeza kuti munthu wanu atuluka ndithu, muchenjere naye. Wokuuzani kuti apa mwayi ngwochepa musataye ndalama, ameneyo ndiye wakuchitirani ulemu.

Ena adzati nkhanizi n'za akuba ndi zigawenga, ife ndife anthu a geni. Abale, amene amanyamula katundu wa anthu 20 m'thilela imodzi sadziwa zili m'katoni iliyonse. Amene amayendetsa usiku pa N1 sadziwa tsiku limene ngozi idzamupeze n'kuimbidwa mlandu wopha munthu mosasamala. Chigamulo chikakhala pa dzina lako chimakutsata pofuna chilolezo chokhala kuno, pofuna ntchito yoyendetsa, ndi podutsa pa boda. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Ife dandaulo lathu tinakapereka, ngakhale tinazengereza miyezi ingapo chifukwa cha mantha omwe aja. Palibe amene anatifunsa za pasipoti, anafuna umboni wa nkhaniyo basi. Dzina la loyayo sitilemba pano chifukwa nkhani ili m'manja mwa oyenera kuiweruza, ndipo tikupempha kuti nanunso musamatchule maina a anthu pa gulu popanda umboni, mungadzigwetse m'mlandu wina. Koma ngati zoterezi zinakuchitikirani, musangodandaulira m'basi. Tolerani malisiti anu mupite kukalemba dandaulo. Loya amene wadandauliridwa ndi anthu atatu sangachitenso zomwezo kwa wachinayi mosavuta.

Amene muli ndi munthu amene waweruzidwa sabata ino, tengani kalendala tsopano muwerenge. Muyende bwino nonse amene muli pamsewu.